Tsamba la pa intaneti likamachedwa kutseguka: zoyambitsa, muyeso wake ndi njira zolifulumizitsira

Munthu akadina adiresi ya tsamba pa foni n'kuona kabwalo kakungozungulira, mawu oyamba kutuluka pakamwa amakhala akuti "rede yavuta lero." Nthawi zina zimakhala zoona. Koma ngati pa foni yomweyo mauthenga a WhatsApp akulowa bwinobwino pamene tsamba la sukulu, la ofesi kapena la sitolo likukanika kutseguka, vuto nthawi zambiri limakhala la tsambalo. Limakhala lolemera kuposa zomwe netiweki ya kumeneko ingathe kunyamula.

Kulemera kumeneku amalipira ndi wowerenga. Mwini tsamba amaliona pa kompyuta ya mu ofesi yokhala ndi intaneti yamphamvu, ndipo kwa iye zonse zili bwino. Wophunzira wa ku Tsangano amene akufuna kuona tsiku lolembetsera mayeso, kapena mlimi wa ku Angónia amene akufufuza mtengo wa kachewere, amaliona pa foni yotsika mtengo, ndi ma mega ogula ndi ndalama yochepa. Nkhani ino ikufotokoza zomwe zimachedwetsa tsamba, mmene liwiro lake amaliyezera, ndi zomwe eni masamba komanso owerenga angachite.

Zomwe zimachitika mukadina adiresi

Tsamba lililonse limakhala pa kompyuta yomwe imagwira ntchito usana ndi usiku, yotchedwa seva. Pulogalamu yomwe mumatsegulira masamba pa foni, monga Chrome, Firefox, Safari kapena Opera, imatchedwa bulawuza. Mukadina adiresi, bulawuza imayamba yafunsa kuti dzina limenelo lili pa seva iti. Ntchito yoyankha funsoli ndi ya dongosolo lotchedwa DNS, lomwe lili ngati buku la manambala a foni. Ikapeza nambalayo, bulawuza imalumikizana ndi seva, ziwirizi zimagwirizana za chinsinsi chotetezera uthenga, kenako imapempha tsambalo.

Choyamba kufika ndi fayilo ya HTML, yomwe imakhala ndi mawu a tsamba ndi mndandanda wa zina zofunika: mafayilo a CSS okonza maonekedwe, mafayilo a JavaScript oyendetsa mabatani ndi zina zosuntha, zithunzi, mitundu ya zilembo, mawu ojambulidwa ndi makanema. Chilichonse mwa izi bulawuza imachipempha pachokha. Tsamba limodzi likhoza kukhala ndi mapempho makumi angapo, lina kupitirira 100. Zikafika, foni imayenera kuziwerenga n'kuzijambula pa sikirini.

Choncho kuchedwa kumachokera malo atatu: kulemera kwa zomwe zikutumizidwa, mtunda womwe zikuyenda, ndi ntchito yomwe foni ikupatsidwa zikafika.

Kulemera kwa tsamba

Kulemera kwa fayilo amakuyeza ndi ma KB ndi ma MB, ndipo 1 MB ndi pafupifupi 1,000 KB. Liwiro la netiweki amaliyeza ndi ma Mbps. Anthu ambiri amasokoneza miyeso iwiriyi. Netiweki ya 1 Mbps siyinyamula 1 MB pa sekondi. Imafuna masekondi 8 kuti inyamule 1 MB, chifukwa byte imodzi ili ndi ma bit 8.

Masamu ake ndi awa. Tsamba la 3 MB pa netiweki ya 10 Mbps limafika m'masekondi osakwana 3. Pa netiweki ya 1 Mbps limatenga masekondi 24. Pamene foni yagwera pa 2G, n'kuonetsa chilembo E pamwamba, liwiro likakhala 200 kbps, tsamba lomwelo limafuna mphindi 2. Tsamba la 500 KB pa netiweki ya 1 Mbps limafika m'masekondi 4.

Pa ndalama masamu ndi omwewo. Munthu wogula 100 MB angatsegule tsamba la 3 MB maulendo 33, pamene la 500 KB angalitsegule maulendo 200. Bungwe la HTTP Archive, lomwe limayeza masamba mamiliyoni ambiri, limaonetsa kuti tsamba lapakatikati la pa foni masiku ano limapitirira 2 MB, ndipo mbali yaikulu ya kulemerako ndi zithunzi ndi JavaScript. Mawu enieni omwe munthu wabwerera kudzawerenga amalemera pang'ono kwambiri: nkhani yaitali ngati ino, popanda zithunzi, siyifika 30 KB.

Mtunda pakati pa foni ndi seva

Ngakhale netiweki ikhale yamphamvu chotani, uthenga umatenga nthawi kuti upite ndi kubwerera. M'chingwe cha faiba kuwala kumayenda pafupifupi makilomita 200,000 pa sekondi. Seva ikakhala pa mtunda wa makilomita 10,000 potsata chingwe, ulendo umodzi wopita ndi kubwerera sungachepere mamilisekondi 100, ndipo pa njira pamakhala makina ambiri owonjezera nthawi. Milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi.

Zikuoneka zochepa, koma maulendowa amakhala angapo. Kufunsa DNS, kulumikizana, kugwirizana za chinsinsi ndi kupempha tsamba ndi maulendo pafupifupi anayi chilembo choyamba chisanaoneke. Ulendo uliwonse ukatenga mamilisekondi 200, sekondi yatsala pang'ono kutha sikirini ikadali yoyera. Tsamba likamatenga zinthu kuchokera ku ma seva a makampani ena asanu kapena khumi, kulumikizana kumeneku kumayambiranso pa seva iliyonse.

Kwa ife a ku Tete njira yake ndi yaitali. Uthenga umachoka pa foni kupita pa antena ya Tmcel, Vodacom kapena Movitel, kenako umayenda m'zingwe za pamtunda. Ukakhala wopita kunja, umalowa m'zingwe za pansi pa nyanja. Chingwe cha SEACOM chinayamba ntchito mu 2009 ndipo cha EASSy mu 2010, zonse zikufikira ku Maputo. Chingwe cha 2Africa chinafika ku Nacala mu 2023. Pa 12 Meyi 2024 zingwe za SEACOM ndi EASSy zinaduka m'nyanja kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo intaneti inavuta m'mayiko angapo kuphatikizapo Mozambique, Malawi ndi Tanzania. Nthawi ngati imeneyo, tsamba lolemera lomwe lili pa seva ya kutali ndi lomwe limayamba kukanika.

Ku Maputo kuli malo otchedwa MOZIX, pomwe makampani a intaneti amasinthanirana mauthenga m'dziko momwe muno osawadutsitsa kunja. Makampani akuluakulu obwereketsa ma seva afikanso kufupi: Microsoft inatsegula malo ake ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, ndipo Google ku Johannesburg mu 2024.

Ntchito yomwe foni imapatsidwa

Chithunzi chikafika, foni imangochijambula. JavaScript ndi yosiyana: ndi malangizo omwe foni imayenera kuwerenga ndi kuchita. Pomwe ikuchita zimenezi, siyiyankha chala chanu. N'chifukwa chake nthawi zina tsamba limaoneka kuti latseguka koma mukadina batani palibe chikuchitika. Foni yodula imamaliza ntchito imeneyi mwachangu. Foni yotsika mtengo imatenga nthawi yochuluka kangapo, imatentha, ndipo batire limatha msanga. Kumene anthu amalipira kuti atchajitse foni pa sola ya kumsika, imeneyo ndi ndalama inanso.

Mmene liwiro amaliyezera

Mu 2020 kampani ya Google inakhazikitsa miyeso yotchedwa Core Web Vitals, yomwe akatswiri ambiri amagwiritsa ntchito. Pano ilipo itatu.

Woyamba ndi LCP. Umayeza nthawi yomwe chinthu chachikulu kwambiri pa sikirini, kaya chithunzi kapena ndime ya mawu, chimatenga kuti chioneke. Masekondi 2.5 kapena kucheperapo ndi bwino. Kupitirira masekondi 4 ndi koipa.

Wachiwiri ndi INP. Umayeza nthawi yomwe tsamba limatenga kuyankha munthu akadina kapena kulemba. Mamilisekondi 200 kapena kucheperapo ndi bwino. Kupitirira 500 ndi koipa. Muyesowu unalowa m'malo mwa wakale wotchedwa FID mu Malichi 2024.

Wachitatu ndi CLS. Umayeza kudumphadumpha kwa zinthu tsamba likamatseguka, monga pamene mukufuna kudina mutu wa nkhani koma chithunzi chalowa pamwamba n'kukankhira zonse pansi, chala n'kugwera pa malonda. Nambala ya 0.1 kapena kucheperapo ndi bwino, kupitirira 0.25 ndi koipa.

Tsamba limaonedwa kuti lakhoza ngati maulendo 75 mwa 100 aliwonse a owerenga akufika pa muyeso wabwino. Google imaganiziranso liwiro posanja masamba pa zotsatira za kufufuza: inayamba mu 2010 pa makompyuta ndi mu 2018 pa mafoni. Kafukufuku wina yemwe kampaniyi inatulutsa mu 2016 anapeza kuti maulendo 53 mwa 100 a pa foni amathera panjira tsamba likapitirira masekondi 3 lisanatseguke.

Chida chosavuta choyezera ndi PageSpeed Insights, chomwe ndi chaulere. Mumalemba adiresi ya tsamba ndipo chimapereka malikisi kuyambira 0 mpaka 100: kuyambira 90 ndi zobiriwira, 50 mpaka 89 ndi zapakati, kutsika pa 50 ndi zofiira. Pansi pake chimandandalika zoyenera kukonza. Tsamba likakhala ndi alendo ambiri, chimaonetsanso zomwe owerenga enieni akumana nazo m'masiku 28 apitawo. Zida zina ndi WebPageTest ndi GTmetrix. Pa kompyuta, mu Chrome, kudina F12 n'kusankha Network kumaonetsa fayilo iliyonse, kulemera kwake ndi nthawi yomwe yatenga, ndipo pali posankha kuti kompyuta iyerekeze netiweki yofooka.

Malikisi asakunamizeni. Muyeso womaliza ndi kutenga foni wamba, kuzimitsa Wi-Fi, kupita komwe owerenga anu amakhala, n'kuwerenga masekondi pa wotchi. Yesani m'mawa, yesaninso madzulo pamene anthu ambiri ali pa antena imodzi.

Zithunzi: poyambira ntchito

Pa masamba ambiri a masukulu, mabungwe ndi mabizinesi ang'onoang'ono, phindu lalikulu limapezeka pa zithunzi. Foni ya ma megapixel 12 imajambula chithunzi cha madontho 4,000 m'lifupi ndi 3,000 m'litali, cholemera ma MB angapo. Pa tsamba la nkhani, chithunzi cha madontho 1,200 m'lifupi n'chokwanira, ndipo chikapanikizidwa bwino chimatha kutsika kufika pa 100 KB kapena 200 KB diso osaona kusiyana. Zithunzi khumi za pa msonkhano zikaikidwa monga zachokera mu foni, tsambalo likhoza kupitirira 30 MB.

Chepetsani kukula kwa chithunzi musanachiike. Chida chaulere cha Squoosh chimagwira ntchito mu bulawuza, ndipo chimaonetsa chithunzi chakale ndi chatsopano moyandikana. Sankhaninso mtundu woyenera wa fayilo. JPEG ndi ya zithunzi zojambulidwa ndi kamera. PNG ndi ya zojambula zokhala ndi mitundu yochepa, ndipo imalemera kwambiri ikagwiritsidwa ntchito pa chithunzi cha kamera. SVG ndi yabwino pa chizindikiro cha bungwe. WebP, yomwe Google inatulutsa mu 2010, imapepuka kuposa JPEG ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena atatu, ndipo AVIF, ya 2019, nthawi zambiri imapepuka kuposa pamenepo.

Wokonza tsamba angachite zinthu zina zitatu. Mawu akuti loading="lazy" pa chithunzi amauza bulawuza kuti isachikoke mpaka wowerenga atayandikira pomwe chili; koma asaikidwe pa chithunzi chachikulu cha pamwamba, chifukwa chimenecho chimafunika msanga. Mawu akuti srcset amalola kuti foni ilandire chithunzi chaching'ono ndipo kompyuta ilandire chachikulu. Kulemba width ndi height kumasungira chithunzi malo ake chisanafike, ndiye mawu sadumpha.

Zithunzi zosinthana zokha pamwamba pa tsamba zimakoka mafayilo asanu kapena asanu ndi limodzi pomwe munthu amaona chimodzi. Chithunzi chimodzi chosankhidwa bwino chimagwira ntchito yomweyo.

Mawu ojambulidwa ndi makanema

Kulemera kwa mawu kumadalira nambala ya ma kbps yomwe yasankhidwa posunga fayilo. Pa 128 kbps, mphindi 10 zimalemera 9.6 MB ndipo ola limodzi limadya pafupifupi 58 MB. Pa 64 kbps ndi theka lake. Pa 48 kbps, mphindi 10 ndi 3.6 MB. Nyimbo zimafuna nambala yokwera, koma mawu a munthu wolankhula amamveka bwino pa nambala yotsika, makamaka akasungidwa mu mono ndi mitundu yatsopano monga AAC kapena Opus. Mawu akuti preload="none" amaletsa fayilo kuyamba kukokedwa munthu asanadine. Ndi ulemu kulemba pambali pake kuti fayiloyo ndi ya mphindi zingati ndi ma MB angati.

Kanema woyamba kusewera yekha ndi amene amadya ma mega mofulumira kuposa china chilichonse. Ngakhale kanema wa YouTube woikidwa m'tsamba amakoka mazanamazana a ma KB asanaseweredwe. Njira yake ndi kuika chithunzi chokhala ndi chizindikiro chosewerera, kanemayo n'kubwera pokhapokha munthu atadina. Chimodzimodzi ndi mabokosi oonetsa Facebook kapena mapu: adiresi yodina ndi yokwanira.

Zidziwitso za mu PDF

Maofesi ndi masukulu ambiri amasindikiza chidziwitso, kuchisayina, kuchijambula ndi sikana, n'kuchiika pa tsamba ngati PDF. Pepala lililonse limasanduka chithunzi, choncho chikalata cha mapepala 20 chikhoza kulemera ma MB makumi angapo. Pa foni chimavuta kuwerenga, ndipo munthu sangafufuze dzina lake mmenemo. Zofunika kwambiri, monga tsiku, malo, mtengo ndi zikalata zofunika, zilembedwe ngati mawu pa tsamba lenilenilo. PDF yosayinidwa ikhale pambali ngati umboni. PDF yosungidwa mwachindunji kuchokera mu Word kapena Excel imapepuka kwambiri kuposa ya sikana. Mndandanda wautali wa mayina ugawidwe potsata boma kapena sukulu, kuti munthu akoke gawo lomukhudza.

Mitundu ya zilembo

Mtundu uliwonse wa zilembo zokongoletsa ndi fayilo, ndipo zilembo zonenepa ndi zopendekeka zimakhala mafayilo enanso. Foni iliyonse ili kale ndi zilembo zake zomwe sizifuna kukokedwa. Ofuna zilembo zapadera asankhe mtundu umodzi kapena iwiri, mu fayilo ya WOFF2, ndi lamulo la font-display: swap kuti mawu aoneke msanga zilembozo zisanafike.

Olemba Chichewa adziwenso ichi: zilembo za Chipwitikizi monga ã, ç ndi õ zili m'gulu loyamba la zilembo za Chilatini, koma ŵ ili m'gulu lowonjezera. Pa Google Fonts, tsamba lokhala ndi ŵ limakoka fayilo ina yotchedwa latin-ext. Mtundu wa zilembo ukakhala wopanda gulu limeneli, ŵ imaoneka yosiyana ndi zinzake. Yesani chilembochi musanasankhe.

JavaScript, mapulagini ndi malonda

Masamba oposa 40 mwa 100 aliwonse pa dziko lapansi amayendera WordPress. Kuyambira mu 2020 pulogalamuyi imaika yokha loading="lazy" pa zithunzi, ndipo kuyambira mu 2021 imalandira WebP. Chomwe chimailemetsa kawirikawiri ndi zovala zake, zotchedwa theme, ndi mapulagini. Pulagini iliyonse ikhoza kuwonjezera mafayilo ake pa tsamba lililonse, ngakhale pomwe sikufunika. Kamodzi pa miyezi ingapo, onani mndandanda wa mapulagini n'kuchotsa omwe sakugwira ntchito. Sungani kope la tsamba lonse musanachotse kanthu.

JavaScript yomwe yatsala ipatsidwe mawu akuti defer, kuti mawu a tsamba aoneke kaye iyo isanayambe ntchito. Zida zowerengera alendo, mabokosi a macheza ndi malonda zimachokera ku ma seva ena, ndipo mwini tsamba sangazifulumizitse. Chomwe angachite ndi kuzichepetsa. Chida chimodzi chowerengera alendo n'chokwanira, ndipo malonda asungiridwe malo ake kuti asakankhe mawu.

Kupanikiza ndi kusunga

Mafayilo a HTML, CSS ndi JavaScript amapanikizika kwambiri, nthawi zambiri kutsika kupitirira theka. Seva imachita izi ndi gzip kapena Brotli, yomwe inatuluka mu 2015, ndipo bulawuza imawafutukula yokha. Kawirikawiri ndi nkhani yongoyatsa pa seva.

Cache ndi nkhokwe. Ya mu bulawuza imasunga mafayilo pa foni kuti ulendo wachiwiri asakokedwenso. Seva ndi imene imanena nthawi yosungira: chizindikiro cha bungwe, zilembo ndi CSS zingasungidwe mpaka chaka, bola dzina la fayilo lisinthe fayiloyo ikasintha. Tsamba loyamba la nkhani lisungidwe kanthawi kochepa, kuopa kuti anthu angamawerenge za dzulo. Nkhokwe ya pa seva imasunga tsamba lokonzeka kale, m'malo molipanga mwatsopano kwa mlendo aliyense. Imeneyi ndi yomwe imapulumutsa tsamba pa tsiku lotulutsa zotsatira, anthu masauzande akabwera nthawi imodzi.

Seva ndi CDN

Pobwereka malo pa seva, funsani komwe makinawo ali. Ngati owerenga anu ali mu Mozambique ndi mayiko oyandikana nawo, seva ya ku Maputo kapena Johannesburg imayankha msanga kuposa ya ku America. Funsaninso ngati seva imagwiritsa ntchito HTTP/2, ya 2015, yomwe imatumiza mafayilo ambiri pa kulumikizana kumodzi, kapena HTTP/3, ya 2022, yomwe imapirira bwino netiweki yodukaduka.

CDN ndi gulu la ma seva omwazikana m'mizinda yambiri, omwe amasunga makope a mafayilo anu kufupi ndi owerenga. Zili ngati sitolo ya ku Ulónguè yosunga katundu wa fakitale ya kutali, kuti wogula asamapite ku fakitaleko. Makampani odziwika ndi Cloudflare, Akamai ndi Fastly. Cloudflare ili ndi makina ku Maputo ndi Johannesburg, ndipo ili ndi gawo laulere. CDN imafupikitsa mtunda koma siyichotsa kulemera: chithunzi cha 5 MB chimadyabe 5 MB pa foni ya wowerenga ngati sichinachepetsedwe.

Nthawi ya ngozi

Liwiro limafunika kwambiri pa tsiku lomwe netiweki ili yofooka. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anasefukiritsa mitsinje m'chigawo cha Tete, ndipo mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè unaonongeka. Pa masiku otere magetsi amazima, ma antena ena amasiya kugwira ntchito, otsalawo amadzaza, ndipo batire la foni limakhala losunga. Chenjezo la madzi osefukira, dzina la msewu wotsekedwa kapena malo othawirako ziyenera kutseguka ngakhale pa 2G. Nyumba zina zofalitsa nkhani, monga CNN ndi NPR za ku America, zili ndi masamba a mawu okhaokha. Bungwe lililonse lopereka zidziwitso kwa anthu lingakonzeretu tsamba limodzi lotero nyengo ya mvula isanafike: lopanda zithunzi, lopanda JavaScript, lokhala ndi tsiku ndi ola pamwamba.

Zomwe wowerenga angachite

Wowerenga sangasinthe tsamba la eni, koma angateteze ma mega ake. Mafoni a Android ali ndi batani lopulumutsa data, lomwe limaletsa mapulogalamu kukoka zinthu mwakachetechete. Pa foni ya Chipwitikizi limapezeka m'gawo la rede ndi internet. Bulawuza ya Opera Mini imapanikiza masamba pa ma seva ake isanawatumize, ngakhale masamba ena ovuta sagwira bwino mmenemo. Facebook Lite ndi yopepuka kuposa pulogalamu yaikulu. Zimitsani makanema osewera okha, ndipo mu WhatsApp sankhani kuti zithunzi ndi makanema zisakokedwe popanda inu kudina.

Musamafufute cache tsiku lililonse, chifukwa mukatero foni imakokanso zonse. Fufutani pamene tsamba likuonetsa zolakwika kapena malo atha. Tsamba likachedwa, musadine kambirimbiri, pakuti kudina kulikonse kukhoza kuyambitsanso ulendo. Chidziwitso chofunika mukachipeza, jambulani sikirini kuti musachitsegulenso. Ndipo tsamba la sukulu kapena ofesi yanu likamakana kutseguka, auzeni eni ake, n'kutchula dera lomwe muli ndi mtundu wa foni. Ambiri sadziwa kuti pali vuto.

Dongosolo la ntchito kwa eni masamba

Yambani ndi kuyeza masamba atatu omwe anthu amatsegula kwambiri, n'kulemba kulemera, chiwerengero cha mapempho ndi LCP. Kenako chepetsani zithunzi, letsani mawu ndi makanema oyamba okha, ndipo sandutsani zidziwitso za sikana kukhala mawu. Izi sizifuna ndalama, ndipo mlembi wa mu ofesi angazichite. Chotsatira ndi kuchotsa mapulagini ndi zida zosafunika, kuyatsa kupanikiza ndi cache, kenako CDN. Kusamukira ku seva ina kubwere pomaliza, ngati seva ikuchedwabe kuyankha zonsezi zitachitika. Sinthani chinthu chimodzi, yezaninso, kuti mudziwe chomwe chathandiza.

Polemba ntchito katswiri, liwiro lilembedwe mu mgwirizano. Gwirizanani malire, mwachitsanzo kuti tsamba la nkhani lisapitirire 500 KB ndipo chithunzi chisapitirire 150 KB, ndipo ntchito ilandiridwe itayesedwa pa foni wamba yopanda Wi-Fi. Malire amenewa adziwidwe ndi aliyense amene amaika nkhani, chifukwa tsamba lokonzedwa bwino limalemeranso pakangopita miyezi yochepa ngati oika zithunzi sanaphunzitsidwe. Muyeso ubwerezedwe mwezi uliwonse, komanso nthawi iliyonse pomwe chinthu chatsopano chawonjezedwa.